Kumpoto Kwasowa Pakhomo Panga

Lolemba

Sola yafika dzulo madzulo. Waitumiza ndi Tadala, mwana wathu amene anakwatiwa ku Chipata. Sola imodzi yaikulu ngati chitseko, kapampu, ndi mpukutu wa paipi yakuda. Akuti mayi ake asamasenzenso ndowa kudimba. Msana wa a Nambewe, mkazi wangayo, wakhala ukuwavuta chiyambire dzinja lathali, tomato wawo ali pa maluwa, ndipo dzuwa la kumapeto kwa Okutobala silinyengerera munthu.

Pa foni Tadala wanena zimene anamuuza wogulitsa: "Adadi, akuti sola iyang'ane kumpoto, ipendekeke pang'ono. Basi."

Basi? Ine ndine kalipentala. Chitseko ukachipotoza pang'ono chabe pokhoma, chimalira moyo wake wonse. Ndamufunsa kuti kumpoto kwake kuti kwenikweni. Foni yaduka.

Ndafunsa anthu pakhomo pano:

- A Nambewe aloza ndi chibwano cha ku Mkanda, osatembenuka n'komwe.
- Alamu a Gelevaziyo, mlongo wa a Nambewe, amene amaimba belu kutchalitchi kwathu, aloza cha ku Kasungu. Kenako asintha maganizo. Akuti sola yogulidwa ku Zambia iyang'ane ku Zambia, ndi dzuwa lakumeneko limene inazolowera.
- Mayi wina wodutsa ndi mtolo wa nkhuni akuti, "Kumpoto n'kutali, bambo, mukwere basi."

Pakati pa Mkanda ndi Kasungu pali dziko lonse lathunthu. Sindingakhome msomali potsata chibwano cha munthu.

Mwamwayi ndakumbukira nzeru ina. Ndili mnyamata tinkamanga nyumba za matenanti pa esiteti ya fodya, ndipo mmisiri wina wa ku Mulanje ankati: zika mzati wowongoka, dikira masana enieni. Mthunzi ukafupika mpaka pamapeto, umaloza kummwera. Ukayang'ana kumene ukulozako, kumbuyo kwako ndiko kumpoto.

Ndazika mzati wa bulugamu pabwalo, wotalika kupitirira ine pang'ono. Ndauwongola ndi chingwe chomangirira mwala. Ndasalaza dothi pozungulira. Ndakhala pampando kudikira kuti alamu aimbe belu la masana.

Belu lalira. Mthunzi ndi wotalika ngati phazi langa. Ndakhoma msomali pansonga pake, ndaimirira, ndayang'ana kumene ukuloza.

Ukuloza ku Lilongwe.

Ndiye kuti Lilongwe ali kummwera, Zambia ali kumpoto, ndipo alamu amanena zoona? Sizingatheke. Dzuwa limalowera ku Zambia, ngakhale nkhuku zikudziwa.

Ndondomeko yanga ndi iyi: mawa ndibwereza, mkuja ndikhoma poikapo sola, Lachinayi madzi akutuluka okha. Ndawauza a Nambewe. Ati, "Chabwino," anyamula ndowa zawo, ulendo wa kudimba.

Lachiwiri

Msomali wa dzulo palibe. A Nambewe auzula posesa. Akuti ukanabaya munthu.

Lero sindikudikira belu. Ndakhala pa mzati chiyambire mmawa, hamala m'manja, misomali m'thumba. Mthunzi ukasuntha pang'ono, ndikukhoma. Mmawa ndi wautali, ukuloza ku Zambia. Ukufupika, ukufupika, ukukwawira kutsinde kwa mzati. Wafika potsala zala ziwiri zokha. Kenako wayambanso kutalika, mbali ya ku Lilongwe.

Ndipo belu silinalire. Lalira pambuyo pake ndithu, ine nditamwa kale madzi n'kukhalanso pansi.

Ndiye vuto la dzulo ndalipeza. Belu limachedwa.

Ndapita kwa alamu kukawauza mwaulemu. Sanasangalale. Avula wotchi, andiika kumaso. Atsegula wailesi kuti ndimve kuti wotchiyo ndi wailesi zimayendera limodzi. Akuti, "Ine ndimatsata wailesi, alamu. Dzuwa lanulo ngati likufulumira, kaliuzeni nokha."

Ndabwerera mutu uli pansi. Kapena dzuwa likufulumira, kapena wailesi ndi dziko lonse zikuchedwa. Sindikudziwa kuti choopsa kwambiri n'chiti.

Vuto linanso: mzere wa zala ziwiri sungautsate. Ndagoneka tepi pamenepo, tepiyo yangosuntha pang'ono, kummwera kwachoka ku Mozambique kwapita ku Dedza.

Madzulo alamu abwera okha, mtima utatsika, ndi nzeru yawo. Akuti ndisavutike: ndiloze kotulukira dzuwa ndi dzanja lamanja, kumene nkhope yayang'ana ndiko kumpoto. Ndawafunsa kuti kotulukira kwake kuti. Mu Juni dzuwa limatulukira kuseri kwa mitengo ya kusukulu. Masiku ano likutulukira pa chulu cha a Tembo oyandikana nafe, kutali ndithu ndi sukulu. Kummawa ndi sukulu kapena chulu? Apempha mtedza wokazinga.

A Nambewe abwera mochedwa. Sola ili kuchipinda, yatsamira khoma, ndaifunditsa chitenje kuti isagwe fumbi.

Lachitatu

Ngati mthunzi wafupika, talikitsa mzati. Nzeru ya usiku imeneyi.

Ndazula wa Lolemba, ndazika wina wotalika kawiri, umene ndinasungira denga la khitchini. Mphepo ikuugwedeza. Ndaumanga ndi zingwe zitatu, chingwe chilichonse pa chikhomo chake. Ndauwongolanso ndi mwala wolendewera. Pansi pali misomali yoyenda mokhota kuchokera kumadzulo kupita kummawa. Kuti ioneke bwino ndathira phulusa pamutu pa msomali uliwonse.

Masamu ake ndi apafupi. Mzati wowirikiza, mthunzi wowirikiza. Dzulo zala ziwiri, lero zinayi.

Zapezeka zitatu, ndipo chachitatucho chosakwana.

Ndayeza mzati. Uli bwino. Ndayeza zala. Ndi zomwe zija. Chala chimodzi chapita kuti?

Ndili chigwadire choncho, pafika mayi wina wa kutsidya kwa dambo. Wagwada patali, waomba m'manja, walankhula motsitsa mawu. Akuti wamva kuti ndayamba ntchito. Akuti nkhokwe yake chimanga chimatha msanga, ndikamutsirikire monga ndatsirikira pano. Nkhuku ali nayo.

Ndamuuza kuti ine ndikuyeza dzuwa. Wagwedeza mutu momvetsa. Akuti, "Eya, sindiuza munthu."

Atapita ndaimirira pa msewu n'kuyang'ana pakhomo panga ndi maso a mlendo. Mzati wautali pakati pa bwalo. Zingwe zitatu. Mwala wolendewera. Misomali ya phulusa. Mwamuna wamkulu wogwada pansi masana dzuwa likuswa mtengo, akuyankhula yekha. Inenso ndikanabwera ndi nkhuku.

A Nambewe abwera akutsimphina, dzanja limodzi lili m'chiuno. Akuti mabedi a kumtunda maluwa ayamba kuyoyoka, chitsime chili kutali ndi kumeneko ndipo sakutha kufikako kawiri pa tsiku. Ndati mawa. Andiyang'ana, ayang'ana mzati, alowa m'nyumba.

Poikapo sola sindinakhome. Ndingakhome bwanji chinthu chosadziwa koyang'ana?

Lachinayi

Lero ndi tsiku limene madzi amayenera kutuluka.

Ndaitana aphunzitsi a Sakala a kusukulu yathu ya pulayimale. Foni yawo ndi yaikulu ija, ndipo akuti ili ndi kamuvi kolozera kumpoto. Ndakondwa. Ndadzifunsa kuti bwanji sindinayambire pomwepa.

Aima pakhonde, pansi pa malata: kamuvi kaloza ku Mkanda. Asendera pafupi ndi bokosi langa la zida: kaloza kwa a Tembo. Aima pa misomali: kayamba kunjenjemera ngati kazizidwa. Akuti zitsulo zimakasokoneza, kafunika kukadzutsa. Ayamba kuzunguza foni m'mwamba, uku ndi uku, akuzungulira mzati, tayi ikuuluka.

Pa mpanda panali mitu. Sindinaiwerenge, koma inalipo yambiri. Ndamva mawu a mayi wina: "Aphunzitsinso alowamo."

Kamuvi katakhazikika ndatenga msomali kuti ndikhome. Aphunzitsi andigwira dzanja. Akuti ndidziwe chinthu chimodzi, poti ndine munthu wofuna zenizeni: kumpoto kwa foni ndi kumpoto kwa dzuwa n'kosiyana pang'ono.

Ndati, kosiyana bwanji? Akuti pang'ono. Ndati mbali iti? Akuti akaona m'buku.

Ndiye kumpoto kulipo kuwiri. Lolemba ndinalibe n'kumodzi komwe, lero ndili nako kuwiri, ndipo konseko sindikudziwa kumene kuli.

Potsanzikana awonjezera kuti ndisamati dzuwa layenda. Dzuwa siliyenda, oyenda ndife. Ndinaphunzira zimenezi kalekale ndipo sizinandivutepo. Lero zandivuta. Ngati bwalo langa likuyenda, ndi mzati womwe, ndi misomali yomwe, ine ndikuyeza chiyani?

Mthunzi wa masana: chala chimodzi ndi kachidutswa. Ukutha.

Madzulo a Nambewe akhala pamphasa, miyendo yatupa. Alankhula mofatsa: "Bambo a Tadala, bwanji tingoiika padzuwa tione?" Ndakana. Ndati chinthu cha mwana sitingachiyesere ngati mankhwala a chimfine. Nanga itayang'ana kolakwika n'kupsa, ndikamuuza chiyani? Kunena zoona sindikudziwa ngati sola imapsa. Koma sindikudziwanso ngati siipsa.

Zimene ndikudziwa pofika lero:

- belu limachedwa, kapena silichedwa
- kummawa kumasamuka
- kumpoto n'kuwiri
- tomato akufota

Chomalizachi chokha ndiye palibe akutsutsa.

Lachisanu

A Nambewe sanadzuke bwino. Apita kudimba mmawa, abwerera msanga, agona chafufumimba pamphasa.

Ine pa mzati. Ndinaganiza kuti lero ndikhoma msomali womaliza, zivute zitani. Anthu a pa mpanda abweranso, ena ndi mipando. Alamu nawonso, akuti adikire pano nthawi ya belu.

Mthunzi ukufupika. Chikhatho. Zala zitatu. Chala chimodzi. Ndakonzeka ndi hamala.

Wasowa!

Ndazungulira mzati. Kummawa kulibe, kumadzulo kulibe, mbali ya ku Mkanda kulibe, mbali inayo kulibe. Mzati wautali chonchija waima padzuwa ngati wojambula papepala. Ndayang'ana ndowa imene inali pabwalo, nayonso ilibe mthunzi. Ndayang'ana pansi panga. Chithunzithunzi changa chalowa kunsi kwa mapazi, changotsala kadontho ngati ndaponda mafuta.

Ndiyenera kuti ndinalankhula mokweza, chifukwa wina pa mpanda wati, "Alibe chithunzithunzi." Wina wayankha kuti munthu wopanda chithunzithunzi ndi wakumanda. Kenako aliyense wayang'ana pa mapazi ake.

Sindinaonepo anthu akubalalika chonchija. Mipando yatsala. Ena athamangira pansi pa mango, kumene kunali mthunzi wokwanira onse, ngakhale sunali wawo. Mayi wa nkhuku uja waima patali akulira: "Mutibwezere, bambo, ife sitinakulakwireni." Alamu achita chizindikiro cha mtanda, apita kukaimba belu nthawi isanakwane, koyamba chiyambire.

Patangopita kanthawi zithunzithunzi zabwerera, chilichonse kwa mwini wake, zikuloza ku Lilongwe. Palibe wandithokoza.

Ndakhala pakhonde. Ndakhala zaka zonsezi pansi pa dzuwa lomweli. Kodi zimenezi zimachitika chaka ndi chaka ife osayang'ana pansi? Kapena ndayambitsa ndine?

Dzuwa litapendeka ndaona kuti a Nambewe sadzuka. Ndanyamula ndowa ndekha. Sindinafikeko kudimba chiyambire sabata ino. Mabedi a kumunsi akulimbikira. A kumtunda masamba apiringizika, maluwa ali pansi ngati wina wawaza ufa wachikasu. Njira yochokera pachitsime ndi yokwera, yoterera, ndipo ndowa yodzaza imakoka phewa ngati ikufuna kulichotsa. Sindinafike ngakhale theka la mabedi, msana wayamba kuyaka moto. Ndakhala pa mzere n'kumayang'ana mapazi a mkazi wanga amene anadinda m'matope, opita ndi obwera, opita ndi obwera, njira yonse.

Pobwera ndapeza wapampando wa mphakati wathu wa kutchalitchi akundidikira. Akuti sanabwere kudzaweruza. Akungofuna kudziwa ngati pali chimene ndikufuna kuuza abambo mfumu.

Loweruka

Ndinalumbira kuti sindiyang'ananso mzati. Ndayang'ana.

Mthunzi wa masana wabwerera. Chala chimodzi. Koma watulukira mbali inayo, mbali ya ku Mkanda.

Sabata yonse umaloza uku, lero ukuloza uko. Malinga ndi mmisiri wa ku Mulanje, kummwera tsopano kuli ku Mkanda, ndipo kumpoto kwasamukira ku Mozambique usiku umodzi.

Ndavala nsapato, ndapita kunyumba kwa aphunzitsi a Sakala. Ndawapeza akuchapa. Nditawafotokozera aseka mpaka kupukuta misozi ndi thovu la sopo. Akuti dzulo anatulutsa ana m'kalasi kuti aone zomwezo. Atenga mango awiri, limodzi dzuwa, lina dziko. Akuti kuno kwathu dzuwa limadutsa pamutu penipeni kawiri pa chaka. Miyezi yambiri limadzera cha kumpoto, koma kuyambira tsopano mpaka cha mu Febuluwale lidzera cha kummwera, kenako libwereranso. Ine ndazika mzati sabata yeniyeni imene likuwoloka.

Za belu akuti alamu sakulakwa, inenso sindikulakwa. Wotchi ndi ya dziko lonse ndi maiko ena oyandikana nawo, pamene masana a dzuwa ndi a pamalo pamene waima. Apa limodzi mwa mango aja linagwa, ndipo sindinamve bwino.

Ndafunsa ngati mmisiri wa ku Mulanje anandinamiza. Akuti, "Munkamanga mwezi wanji?" Ndati Juni. Akuti ndiye sananame.

Wogulitsa wa ku Chipata? Nayenso sananame, amanena za chaka chonse.

Ndiye sola iyang'ane kuti? Akuti mu Juni kumpoto, pa Khirisimasi kummwera pang'ono. Nanga lero? Aloza kumwamba ndi mango.

Palibe wonama, ndipo aliyense akuloza kwake. Ndatsanzika.

Kunyumba ndapeza chitseko chotsegula, chitenje chili pansi, sola palibe. Pampu palibe, paipi palibe. A Nambewe palibe. Ndinayamba kuganiza za akuba, za malire ali pafupiwa, za mawu amene ndikamuuze Tadala. Kenako ndaona mkukuluzi wa tayala la wilibala, kuchokera pakhonde, kudutsa pakati pa misomali yanga, kulowera njira ya kudambo.

Ndisanafike ndamva kaphokoso ngati njuchi.

Sola yagonekedwa chagada pa chitseko chakale cha khola, chitsekocho chili pa njerwa zosalingana. Mawaya alumikiza ndi alamu, potsata zithunzi za pa katoni. Pampu ili m'chitsime. A Nambewe aima pa mabedi a kumtunda, dzanja limodzi m'chiuno, lina lagwira paipi, ndipo madzi akutuluka, ochuluka, osalekeza.

Ndinakonza mawu ambiri m'njira. Onse anathawa.

A Nambewe anditembenukira. Sanakalipe, sanasekenso. Ati, "Mwabwera? Gwirani paipi uko, ikupindika."

Ndagwira paipi mpaka dzuwa kulowa.

Lamulungu

Kutchalitchi benchi yathu inali ndi malo ambiri. Anthu akundipatsa moni ali patali, maso ali pa mapazi anga. Alamu poimba belu anandiyang'ana kaye, kenako wotchi, kenako kumwamba, ndiye n'kuimba. Aphunzitsi alonjeza kuti adzafotokozera mphakati wonse ndi mango. Sindikuyembekezera zambiri.

Tadala waimba titaweruka. "Adadi, yayang'ana kumpoto?" Ndisanayankhe, mayi ake atenga foni. Ati, "Yayang'ana kwa Mulungu, mwanawe. Madzi akutuluka." Za mzati sanatchule. Ndawathokoza mumtima.

Mabedi atatu a kumtunda sadzukanso. A Nambewe anafesa okha mbewu imeneyo, anaokera okha, anaisenzera madzi kuyambira ili masamba awiri. Akanalandira madziwa Lolemba bwenzi pano ali ndi tizipatso. Izi palibe wandiuza, ndipo n'chifukwa chake zikuwawa. Madzulo a dzulo ndinawapaka mankhwala kumsana. Anangoti, "Cha kumunsiko," ndipo ndinapaka cha kumunsiko.

Mzati ndizula mawa, ubwerere ku denga la khitchini. Ndinanena kuti ndikhoma poikapo sola pabwino, pa miyendo inayi. A Nambewe ayankha kuti chitseko cha kholacho chikugwira ntchito, ndisachikhudze.

Masana tinapita limodzi kudimba kukaona ngati nthaka yamwa. M'thumba la jekete ndinabisa levulo yanga yaing'ono, yoyezera ngati chinthu chapendekeka. A Nambewe atawerama kuzula udzu, ndinaiika mwakachetechete pamwamba pa sola.

Kathovu ka m'levulomo kanathawira kumapeto kwenikweni. Chitsekocho n'chopendekeka moti mwana wa sukulu angaone ndi maso. Chapendekekera kuti, sindikudziwa, ndipo ndilibenso womufunsa. Njerwa imodzi yokha pansi pa ngodya ikanakonza zonse, ndipo njerwayo inali pomwepo, pafupi ndi phazi langa.

Pampu inali kulira bwinobwino. Ndabweza levulo m'thumba, ndapita kukathandiza kuzula udzu.